MKONO WA MLIMI SUPEPESEDWA NDI NKHUKU

Alimi anzanga a m'maboma a Machinga ndi Balaka, nyengo yokolola ndi kugulitsa mbewu ndiyonso nyengo imene mikono imathyoka. Kuyambira mwezi wa Epulo mpaka Seputembala zigayo zimalira usana ndi usiku, makina otonolera chimanga amayenda mudzi ndi mudzi, ngolo ndi malole zimadzaza thonje, mpunga ndi nandolo kupita ku misika, ndipo njinga zamoto za kabaza zimathamangitsana ndi matumba kumbuyo. Mukafika pa chipatala cha boma ku Liwonde kapena pa Balaka simulephera kuona munthu atakoleka mkono pa nsalu m'khosi, wina ali ndi chikhakha, wina zala zake zitakulungidwa ndi bandeji.

Ngozi zina ndi tsoka, ndipo palibe woti nkumuloza chala. Koma tikafufuza bwino, zambiri zili ndi mwini wake. Lamba wa chigayo amene wakhala akuzungulira poyera chaka chathunthu sadavulidwe ndi mphepo. Alipo munthu amene adachotsa chotchinga chake pokonza makina, nachiponya kuseri kwa nyumba, osachibwezeranso. Lole imene yagubuduzika pa mtsetse chifukwa cha mabuleki ili ndi mwini amene adauzidwa kangapo kuti mabulekiwo atha. Ngolo imene yapana mkono wa mayi pa mtengo idaperekedwa kwa mwana wa zaka khumi kuti aiyendetse.

Chimene chimatsatira tonse tikuchidziwa. Mwini chigayo kapena mwini galimoto amafika kuchipatala ndi buledi, Fanta ndi sopo. Pakapita sabata ziwiri akuluakulu a mbali zonse amakhala pansi kwa a Nyakwawa. Amapereka nkhuku kapena mbuzi, ndi kandalama koti nkothandizira mayendedwe. Kenaka wina amang'amba pepala m'kope la mwana wa sukulu nalembapo kuti nkhani yatha, ndipo wovulala uja amadinda chala cha dzanja lotsalalo.

Ine ndikuti chizolowezi chimenechi chikusaukitsa mabanja a alimi. Kupepesa nkwabwino ndipo ndi umunthu wathu, nkhukuyo landirani. Koma kupepesa nkwina, kulipira nkwina. Musadinde chala pa pepala lothetsa nkhani mkono usanapole ndi kuyesedwa ndi dokotala, chifukwa pa tsiku la ngozi palibe munthu, ngakhale dokotalayo, amene angadziwe mtengo wa chimene mwataya.

MKONO NDIWO MPAMBA WA MLIMI

Kalaliki wa mu ofesi akavulala mkono wamanzere amalembabe ndi wamanja, ndipo malipiro ake amabwera pakutha pa mwezi. Mlimi ayi. Khasu limafuna manja awiri. Popopera thonje ndi mpope wa kumsana, dzanja limodzi limapopa pamene linzake lagwira ndodo yowazira mankhwala. Kuwokera mpunga pa sikimu ya Domasi, kumweta, kupuntha, kusoka matumba, kukweza thumba la makilogalamu 50 pa njinga, kupalasa njingayo kuchoka ku Mpiri kukafika ku Ntaja, zonsezi ndi ntchito za mikono iwiri. Kwa amayi ndiye nkoposa. Potakasa nsima dzanja limodzi limagwira mphika, lina mthiko. Kusinja, kupeta, kutula ndowa ya madzi, kubereka mwana kumbuyo, nanga ndi iti mwa ntchitozi imene ingatheke ndi dzanja limodzi?

Tsono werengerani bwino. Bambo wa zaka 35 amene chigongono chake chauma adzafuna aganyu ogalauza, opalira ndi obandira munda wake chaka chino, chaka cha mawa, mpaka kukalamba. Akapanda ndalama ya aganyu, munda wa maekala atatu umabwerera pa ekala imodzi. Mwana wamkulu amasiya sukulu kuti agwire khasu la bambo ake. Ngongole ya ku kalabu imakanika kubwezedwa. Mbuzi ija idadyedwa kalekale, koma banja likulipirabe ngoziyo nyengo iliyonse ya dzinja.

CHIFUKWA CHAKE NKOFUNIKA KUDEKHA

Fupa la mkono wa munthu wamkulu limatenga masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu m'chikhakha kuti ligwirane, ndipo nthawi zina limaposa pamenepo. Koma kugwirana kwa fupa sikuchira kwa mkono. Chikhakha chikachotsedwa mpamene zenizeni zimaoneka. Ena amapeza kuti chigongono sichikuwongoka. Ena fupa lagwirana mokhota, kotero kuti dzanja silitembenuka kuti lilandire kanthu. Enanso fupa siligwirana konse, ndipo amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akaikidwe chitsulo.

Palinso vuto lina lobisika. M'mbali mwa fupa la pakati pa phewa ndi chigongono mumadutsa mtsempha umene umapatsa dzanja mphamvu yodzuka. Fupalo likathyoka, mtsemphawo ungathe kuphwanyika, ndipo dzanja limangolendewera ngati tsamba lofota. Mtsempha wotere ukamaphukanso umakula pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndiye kuti inchi imodzi pa mwezi. Papita miyezi ingapo tsono kuti adokotala anene ngati dzanjalo lidzadzukanso kapena ayi. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu amene wathetsa nkhani pa sabata yachiwiri wagulitsa mbewu ikadali m'munda, asanadziwe kuti atuta matumba angati.

Pano ndinenepo za kwa asing'anga. Ambiri akathyoka mkono amayamba kukamangitsa timitengo ndi luzi kumudzi. Kumanga kothina kumatseka magazi, zala zimatupa ndi kuda, ndipo mkono umene ukadachira umafika podulidwa. Kuwonjezera apo, mlandu wanu umafooka. Mwini galimoto adzati iye adangothyola fupa, woola mkono ndi wina. Bala lotseguka la makina kapena chitsulo cha dzimbiri limafunanso jakisoni wa kafumbata tsiku lomwelo. Pitani kuchipatala poyamba, ndipo muuze adokotala chimene chachitika monga momwe chachitikira. Ndaonapo mnyamata amene adauza a chipatala kuti adagwa mu mtengo wa mango pofuna kuteteza bwana wake, pamene adakokedwa ndi lamba. Mawu amenewo adalembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala, ndipo bwanayo atamutembenukira, kabuku komweko ndiko kadamutsutsa.

NGATI MWAVULALA PA NTCHITO YOLEMBEDWA

Njira yopezera chipukutamisozi imatengera kumene mwavulalira. Yoyamba ndi ya munthu wolembedwa ntchito: wa pa chigayo, wa pa esiteti, wosenza matumba pa depoti ya ogula mbewu, wa m'fakitale yochotsa njere za thonje, kondakitala wa lole. Ameneyu amatetezedwa ndi lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000. Ubwino wa lamuloli ngwakuti simusowa kutsimikiza kuti bwana adalakwa. Chofunika nchakuti mudavulala chifukwa cha ntchitoyo ndiponso muli pa ntchitoyo. Amene amalipira ndi wolemba ntchito, kapena kampani ya inshuwalansi imene iye adalembetsako antchito ake, ndipo nkhani yake imayendetsedwa ndi ofesi ya Leba. Kuyambira 1998, pamene Balaka idapatuka ku Machinga nkukhala boma palokha, anthu a kwa Nsamala, Kalembo ndi madera ozungulira ali ndi maofesi a Boma pa Balaka pomwepo.

Kawerengedwe kake nkosavuta. Munthu amene walumala kotheratu, kosatha kugwiranso ntchito iliyonse, amalandira malipiro ake a miyezi 54. Amene walumala chiwalo chimodzi amalandira gawo la ndalama imeneyo molingana ndi maperesenti amene dokotala walemba. Tiyerekeze kuti mnyamata amalandira K100,000 pa mwezi. Miyezi 54 ndi K5,400,000. Ngati dokotala walemba kuti walumala ndi maperesenti 30, chipukutamisozi chake ndi K1,620,000. Fanizirani ndalama imeneyi ndi mtengo wa mbuzi imodzi pa msika wa Ulongwe, ndipo mumvetsa chifukwa chimene eni ena amafulumirira kupita kwa a Nyakwawa.

Waganyu asafulumire kuganiza kuti lamuloli silimuwerengera. Lamulo limapatula ganyu wa apo ndi apo amene sakhudzana ndi malonda a wolemba ntchitoyo. Koma munthu amene waitanidwa kudzathira chimanga m'chigayo cha malonda, kapena kudzakweza matumba a wogula mbewu, akugwira ntchito ya bizinesi ya bwanayo, ngakhale amalipidwa pa tsiku. Wouza munthu kuti "iwe ndiwe waganyu chabe" asakhale bwana yemweyo; kafunseni ku Leba.

Ana athu ambiri a ku Machinga ali ku Joni, ndipo ena amabwerako opanda zala. Dziko la South Africa lili ndi lamulo lake la chaka cha 1993 la chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito, ndipo mu 2020 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso aziwerengedwa. Makolo, mwana akakuimbirani kuti wavulala ku Johannesburg kapena ku Durban, musamuuze kuti akwere basi mawa lomwe. Ayambe watenga makalata a chipatala, dzina la kampani ndi umboni wa malipiro ake, chifukwa kulondola zimenezi ali ku Nselema nkovuta kwambiri.

NGATI MWAVULALA PA MSEWU

Njira yachiwiri ndi ya ngozi za pamsewu, monga wa Zomba kudzera pa Liwonde kupita ku Mangochi, wa Liwonde kupita ku Balaka, kapena wa M1 cha ku Phalula. Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limalamula kuti galimoto ndi njinga yamoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yolipirira anthu ena amene ingawavulaze, ndipo limalola wovulalayo kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Nchifukwa chake chinthu choyamba kulemba, ngakhale pa chikhatho kapena pa thumba la feteleza, ndi nambala ya galimoto. Dzina la dalaivala lingasinthe, nambala siisintha. Dziwaninso kuti dalaivala akalakwa ali pa ntchito ya bwana wake, bwanayo amayankha nawo mlanduwo. Inshuwalansi ili ndi malire a ndalama zimene ingapereke. Zotsala zimafunsidwa kwa mwini galimoto ndi dalaivala.

Pali chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri. Apolisi akatengera dalaivala ku khoti, iye nalipira chindapusa chifukwa choyendetsa mosasamala, ndalamayo imapita ku Boma, osati kwa inu. Umenewo ndi mlandu wa Boma. Wanu wa chipukutamisozi ndi wina, ndipo suyamba wokha. Alipo alimi amene akhala pakhomo chaka chathunthu kudikira kuti khoti liwaitana kudzalandira ndalama, pamene palibe amene adasuma.

Apa tiyenera kudzidzudzulanso tokha. Timakonda kukwera pamwamba pa matumba a thonje pa lole ya katundu kuti tisalipire minibasi. Inshuwalansi ya galimoto ya katundu kawirikawiri siwerengera anthu okwera matola, ndipo lole ikagwa mumatsala ndi mwini wake yekha, amene mwina chuma chake chonse ndi lole yagwayo. Njinga zamoto zambiri za kabaza zikuyenda popanda mapepala alionse. Wakabaza wotere akakuthyolani mkono, lamulo limakupatsani ufulu womusumira, koma khoti silingafinye magazi m'mwala. Musanakwere, funsani. Ndiponso inu amene mumakhala pa windo la minibasi mutatulutsa chigongono kunja, dziwani kuti khoti likapeza kuti mudathandizira kuvulala kwanu, limadula chipukutamisozi molingana ndi gawo la kulakwa kwanu. Silikumanani zonse, koma limadula.

NGATI WOKUVULAZANI SI BWANA WANU KAPENA GALIMOTO

Njira yachitatu ndi ya wina aliyense wovulazidwa ndi kusasamala kwa mnzake: mayi amene wapita kukagayitsa, mpango wake nkukokedwa ndi lamba, mwana amene wapisa dzanja m'makina otonolera chimanga osiyidwa akulira popanda woyang'anira, munthu amene wagwera m'dzenje losiyidwa pa njira osatchinga. Apa mumayenera kuonetsa khoti kuti munthuyo adali ndi udindo wokusamalani, kuti sadachite chimene munthu wanzeru akadachita, ndi kuti kulephera kwakeko ndiko kudakuvulazani.

Lamulo limeneli lili ndi mbiri yoseketsa. Mu 1928, m'tauni ya Paisley ku Scotland, mayi wina dzina lake May Donoghue adamwa chakumwa cha m'botolo chimene adamugulira mnzake, ndipo adadandaula kuti m'botolomo mudali nkhono yoola imene idamudwalitsa. Mwini fakitale, a Stevenson, adati sadagulitse kanthu kwa mayiyo, choncho alibe naye mangawa. Mu 1932 khoti lalikulu la ku London lidagamula kuti mlanduwo ngomveka. Woweruza wina, Lord Atkin, adafotokoza kuti munthu ayenera kusamala kuti asavulaze aliyense amene akadatha kuganizira kuti zochita zake zimukhudza. Makhoti a m'Malawi amatsatira mfundo imeneyi mpaka lero. Mwini chigayo amadziwa kuti amayi ovala zitenje ndi ana adzaima pafupi ndi lamba wake. Pamwamba pa izo, lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limalamula kuti mbali zoopsa za makina pa malo a ntchito zikhale zotchingidwa bwino.

Pa milandu ya mtundu uwu, pamodzi ndi ya pamsewu, khoti limawerengera zinthu zingapo: ululu umene mwaumva ndi umene mudzaumvabe, zinthu zimene simungathenso kuchita pa moyo wanu, chilema kapena zipsera zooneka, kuchepa kwa mphamvu zanu zopezera ndalama, ndi ndalama zimene mwaononga kale. Wantchito amene bwana wake adachitadi mphwayi angathenso kutsata njira imeneyi, koma salandira kawiri pa bala limodzi.

MAPEPALA NDIWO MBONI

Ife alimi timataya milandu yabwino chifukwa chosasunga mapepala. Ndalama zimene mwaononga khoti limafuna kuziona pa lisiti. Sungani kabuku ka kuchipatala, zithunzi za ekisire, malisiti a mankhwala, lisiti la Boma limene mwalipirira lipoti la apolisi, ndi lipotilo. Gulani kope la masamba ochepa, mwana azilembamo tsiku lililonse limene mwapita kuchipatala, ndalama ya minibasi kapena kabaza, ndi aganyu amene mwawalemba chifukwa cha kuvulalako: dzina, ntchito, ndalama. Lembani maina a anthu amene adaona ngozi, mitima yawo isanasinthe. Ngati pali wina wa foni ya kamera, ajambule makinawo tsiku lomwelo, chifukwa mawa lake chotchinga chija chimapezeka chabwerera pamalo pake.

Mlimi salandira malipiro a pa mwezi, ndiye adzaonetsa bwanji zimene amapeza? Apa mpamene malisiti a kumsika amagwira ntchito. Timapepala timene mumalandira mukagulitsa thonje kapena chimanga pa sikelo yovomerezeka, buku la kalabu, kalata ya mgwirizano ndi kampani ya thonje, zimenezi zimaonetsa kuti chaka chatha mudagulitsa makilogalamu akutiakuti ndipo chaka chino mwatsika. Amene amagulitsa kwa mavenda a pansi pa mtengo popanda lisiti alibe chowonetsa. Timapepalato si toyatsira moto kapena kupichirira fodya.

NTHAWI SIIDIKIRA

Ndanena kuti musafulumire kuthetsa nkhani. Sindikunena kuti muchedwe kuiyamba. Wantchito ayenera kudziwitsa bwana wake za ngoziyo msanga, ndipo pempho la chipukutamisozi liyenera kuperekedwa isanathe miyezi 12. Mlandu wa ku khoti wa kuvulazidwa chifukwa cha kusasamala uyenera kuyambika zisanathe zaka 3 kuchokera pa tsiku la ngozi. Zaka zitatu zimaoneka zambiri, koma zimatha ndi malonjezo. Mwini galimoto amati dikirani ndigulitse fodya, kenaka amati dikirani galimoto ituluke ku galaja, kenaka wasamukira ku Lilongwe. Pakadafunda padajiwitsa galu. Mwana wamng'ono sangadzisumire yekha. Kholo kapena womulera ndiye amamuimira, ndipo asadikire kuti mwanayo akule, mboni zitamwalira ndi mapepala atadyedwa ndi chiswe.

Milandu ya ndalama zochepa imamvedwa ndi makhoti a majisitireti monga a pa Liwonde ndi pa Balaka. Ya ndalama zambiri imapita ku High Court, imene ili ndi nthambi ku Zomba. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la Boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziimira anthu osauka; ku Zomba lili ndi ofesi.

Chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira m'mawodi a zipatala ndi pa mapolisi, kunena kuti ali ndi loya wachangu. Amakusainitsani mapepala a Chingerezi, natenga kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo ndalama zikatuluka inu mumalandira makombo, mwinanso osamva nkomwe kuti zidatuluka. Loya weniweni mukakumane naye nokha mu ofesi yake, mugwirizane za malipiro ake polemba, musunge mapepala anu enieni ndi kumpatsa ofotokopa, ndipo ndalama zikabwera mufunse kuona kalata ya kampani ya inshuwalansi kapena chigamulo cha khoti chonena kuchuluka kwake. Loya akakudyerani, dandaulo limapita ku Malawi Law Society.

"KODI TIDANE NDI MNANSI CHIFUKWA CHA NDALAMA?"

Funso ili ndimalimva kawirikawiri pa misonkhano ya makalabu, ndipo si lopusa. Mwini chigayo ndi mlamu wanu, mumapemphera limodzi, maliro mumaikira limodzi, ndipo chigayo china chili pa mtunda wa makilomita khumi. Ena amaopa kuti akasuma adzatchedwa adyera, kapena adzalodzedwa. Wa m'tauni amene sadakhalepo m'mudzi sangamvetse kulemera kwa zimenezi.

Koma taganizani. Ngati galimoto ili ndi inshuwalansi, ndalama siichoka m'thumba la mlamu wanuyo. Iye wakhala akulipira kampani chaka ndi chaka pokonzekera tsiku ngati lomweli, ndipo inu mukakana kufunsa, wopindula ndi kampani ya ku Blantyre imene simudzaikira nayo maliro. Ngati palibe inshuwalansi, ndipo ndalama ichokadi m'thumba lake, funso ndi lakuti katunduyu asenze ndani: amene adachotsa chotchinga, kapena ana a wovulalayo? Chibale chimene chimafuna kuti mbali imodzi yokha ndiyo ikhale chete si chimene makolo adatisiyira. Ng'ombe za mnansi zikadya chimanga chanu mumayenda m'munda ndi a Nyakwawa kuwerenga mapesi, ndipo palibe amene amati ndinu adyera. Bwanji tsono timawerenga mapesi koma mkono ayi?

Sindikunena kuti nkhani iliyonse ipite ku khoti. Khoti ndi lochedwa, ndipo maulendo a ku Zomba amadya ndalama. Kugwirizana pakhomo nkwabwino, malinga kuchitike pa nthawi yake ndi pa muyeso wake. Mafumu athu, a Nyakwawa ndi a Gulupu, angathandize kwambiri atamachita izi: pa bwalo loyamba alamule kuti wovulazayo azilipira mayendedwe ndi mankhwala, apezenso aganyu osamalira munda wa wodwalayo nyengo imeneyo, ndipo pepala linene poyera kuti ili ndi thandizo loyamba chabe. Bwalo lachiwiri likhale dokotala atalemba lipoti lake lomaliza. Pamenepo mbali zonse zikambirane zikudziwa chimene chatayika, ndipo ngati malipiro ndi a pang'onopang'ono, alembe masiku ndi ndalama zake. Nkhani ya wantchito isathere pa bwalo la mfumu popanda a Leba kuidziwa.

IFENSO NDIFE ENI MAKINA

Nkhaniyi ili ndi mbali inanso imene alimi otsogola ayenera kuimva. Ambiri a inu mwatukuka. Muli ndi ngolo, ena agula chigayo cha dizilo, makalabu ena ali ndi makina otonolera chimanga kapena opunthira mpunga, ndipo pafupifupi kalabu iliyonse imachita hayala lole pa nyengo ya msika. Malamulo onse ndafotokozawa angathe kukugwerani inuyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kalabu imene makina ake adula zala za mwana wa membala ingathe kutaya phindu la zaka zingapo.

Choncho msika usanatsegulidwe, komiti iliyonse iyendere makina ake. Lamba ndi mapule zitchingidwe ndi chitsulo kapena waya wa sefa; owotcherera a pa Liwonde, pa Ntaja ndi pa Balaka amatha kupanga chotchinga chotere. Makina azimitsidwe asanapisemo dzanja kuchotsa chitsononkho chokakamira, ndipo pakhale kamtengo kokankhira. Woyendetsa makina asavale malaya a manja olendewera, ndipo amayi oima pafupi amange zitenje ndi mipango yawo bwino. Ana asapatsidwe ngolo, ndiponso asaloledwe kuseri kwa chigayo. Pochita hayala lole, mlembi wa kalabu ayang'ane kapepala ka inshuwalansi komata pa galasi la kutsogolo, aone tsiku limene kakutha ntchito, ndipo alembe m'buku la kalabu nambala ya galimoto, dzina la mwini wake, dzina la dalaivala ndi la kampani ya inshuwalansiyo, matumba asanayambe kukwezedwa.